Kasanthulidwe ka ziwerengero za ntchito ndi za matenda pa nthawi ya Covid-19

Musanatsegule Excel, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala, yambani mwalemba papepala mndandanda wa masiku ofunika. Lembani kuti sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi 2020, kuti odwala atatu oyamba m'Malawi analengezedwa pa 2 Epulo, kuti Khoti Lalikulu linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo, komanso kuti mliriwu unafika povuta mu Januwale 2021. Pepala limeneli likhale pambali panu nthawi zonse, chifukwa nambala ikakwera kapena kutsika muyenera kuona msanga chimene chinkachitika m'dziko sabata imeneyo.

Ziwerengero za odwala mutenge zimene Unduna wa Zaumoyo unkatulutsa tsiku ndi tsiku. Kumbukirani kuti amene ankawerengedwa ndi okhawo amene anayezedwa, osati onse amene anadwala. Choncho gawani chiwerengero cha opezeka ndi kachilombo ndi chiwerengero cha oyezedwa: tiyerekeze kuti ayeza anthu 200 ndipo 20 apezeka nako, ndiye kuti ndi 10 pa 100 alionse. Kenako phatikizani nambala za masiku asanu ndi awiri otsatizana ndi kugawa ndi 7, kuti tsiku limodzi limene zotsatira zinachedwa lisakusokeretseni. Poyerekeza maboma, gwiritsani ntchito kalembera wa 2018 kuti mupeze odwala pa anthu 100,000 alionse, popeza Lilongwe ndi Likoma sizingafananitsidwe mwachindunji.

Mbali ya ntchito ndi imene imafuna kudekha kwambiri. Ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, mothandizana ndi World Bank, inkafunsa mabanja pafoni kuyambira mu Meyi 2020, ndipo mafunso omwewo ankabwerezedwa kwa mabanja omwewo. Kafukufukuyu ndi chuma, koma banja lopanda foni silinamveke mawu ake, ndipo mabanja otere ndi amene nthawi zambiri amakhala osaukitsitsa. Ndikuona kuti aliyense wolemba lipoti ayenera kunena zimenezi poyera pa tsamba loyamba.

Werenganinso funso lenilenilo limene anthu anafunsidwa. M'kafukufuku wotere munthu amatengedwa kuti ali pantchito ngakhale atagwira ola limodzi lokha pa sabata. Mayi amene ankagulitsa mandazi pageti pa sukulu, ana atasiya kubwera n'kuyamba kukhala ndi beseni lake pamsewu popanda ogula, m'kaundula amaonekabe kuti akugwira ntchito, pamene kunyumba ufa watha. N'chifukwa chake muyenera kuika pambali pa nambala ya ntchito mayankho okhudza ndalama zimene banja linapeza, ndipo musiyanitse olembedwa ntchito, ochita geni, aganyu ndi alimi.

Samalani ndi nyengo. Ganyu amachuluka nthawi ya dzinja, ndipo ndalama zimayenda anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, kotero kufananitsa Januwale ndi Juni kungakupatseni kusintha kumene sikunabwere ndi mliri. Fananitsani mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka china.

Pomaliza pake ikani mizere iwiri, wa ziwerengero za odwala ndi wa ziwerengero za ntchito, pa chithunzi chimodzi, mwezi ndi mwezi. Ikayendera limodzi musathamangire kunena kuti matenda ndiwo anachotsa anthu ntchito. Bwererani ku pepala lanu la masiku, muone ngati kutsekedwa kwa sukulu kapena kuchepa kwa maulendo a pachipata cha Mwanza sikunayambe kale odwala asanachuluke.