Kuwerengera mapointi a A-Level ndi kuyeza mwayi wolowa yunivesite

Makolo ambiri a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, mu mzinda wa Harare, amene ali ndi abale ku Malawi amasokonezeka poyambirira pomwe. Kumudzi, pa mayeso a MSCE, mapointi ochepa ndiye abwino, ndipo wopeza 6 ndi katswiri. Kuno ku Zimbabwe sizili choncho. Pa A-Level, mayeso a Fomu 6 a bungwe loyendetsa mayeso la ZIMSEC, A ndi mapointi 5, B ndi 4, C ndi 3, D ndi 2, E ndi 1. Wolemba maphunziro atatu akapeza 15 ndiye kuti wafika pamwamba penipeni.

Musanafike pa mapointi, yang'anani kaye setifiketi ya O-Level, ya mayeso a Fomu 4. Mayunivesite amafuna maphunziro asanu okhoza ndi C kapena kuposa, Chingerezi chili momwemo, kuphatikiza maphunziro osachepera awiri a A-Level. Za sayansi, uinjiniya ndi zamalonda zimafunanso masamu a O-Level. Mwana atha kubwera ndi mapointi 12 koma n'kubwezedwa chifukwa cha D wa Chingerezi wa Fomu 4. Ngati zili choncho, alembetse kubwereza phunzirolo mu June, asadikire zotsatira za Fomu 6.

Chachiwiri ndi maphunziro amene mwana anaphatikiza. Udokotala ku University of Zimbabwe, ku Mount Pleasant, umafuna Chemistry pamodzi ndi ena awiri mwa Biology, Physics ndi masamu. Mapointi 15 a History, Geography ndi Literature sangatsegule khomo limenelo. Uinjiniya ku Harare Institute of Technology, ku Belvedere, kapena ku National University of Science and Technology (NUST) ku Bulawayo, umadalira masamu ndi Physics.

Malire a mapointi olowera sakhazikika. Amakwera kapena kutsika malinga ndi kuchuluka kwa ofunsira malo chaka chimenecho, ndipo udokotala ndi zamalamulo ndi kumene anthu amalimbirana kwambiri. Choncho tengani zotsatira za mayeso oyeserera a kusukulu, muwerengere mapointi mosadzinamiza, kenako muchotsepo imodzi, chifukwa m'chipinda cha mayeso mantha amadya nthawi. Nambala yotsalayo ndiyo muyerekeze ndi malire a chaka chatha. Sankhani kosi imodzi yapamwamba pang'ono, ina yolingana ndi nambala yanu, ina yapansi, ndipo musafunsire malo ku yunivesite imodzi yokha. Midlands State ya ku Gweru, yunivesite ya ku Chinhoyi ndi ya ku Bindura nazonso n'zaboma.

Pokweza mapointi, ophunzira ambiri amathera nthawi pa phunziro limene amalikonda. Kuchotsa B kufika pa A kumawonjezera pointi imodzi yokha, ndipo n'kovuta. Kuchotsa E kufika pa C kumawonjezera awiri. Theka la nthawi yowerenga lipite ku phunziro lofooka.

Chida chachikulu ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Loweruka m'mawa, khalani patebulo, foni itali, wotchi patsogolo, mabuku otseka, mulembe pepala lonse m'nthawi yake yeniyeni. Mukatha, chongani ndi cholembera chofiira, ndipo pa funso lililonse limene mwalakwa lembani chifukwa chake m'kope lapadera: sindimadziwa mutuwu, sindinamve funso, kapena nthawi inandithera. Matenda atatuwa mankhwala ake ndi osiyana. Wosadziwa mutu abwerere ku silabasi ndi kwa aphunzitsi. Wosamva funso aphunzire mawu olamula: “describe” ndi kufotokoza chabe, pomwe “evaluate” amafuna mbali zonse ziwiri ndi chigamulo chanu kumapeto. Wotheredwa nthawi agawe mphindi molingana ndi malikisi a funso, ndipo mphindizo zikakwana asiye, apite kwina. Pa masamu lembani njira yonse, chifukwa ochonga amapereka malikisi pa njirayo ngakhale yankho litalakwika.

Nkhani ya zikalata imakhudza mabanja athu kwambiri. Dzina la pa setifiketi ya kubadwa, pa chitupa ndi pa zotsatira za ZIMSEC likhale lolembedwa mofanana. Ngati pena pali Phiri pena Piri, yambani kukonza ku ofesi ya Registrar General mwana akadali Fomu 5, chifukwa zotsatira zikatuluka kumayambiriro kwa chaka nthawi yofunsira malo imakhala yochepa.