Mmene ndinakonzera ovataimu ya pa tchuthi mu pulogalamu ya malipiro

Alonda athu anadandaula kuti ndalama za pa 6 July zinaperewera. Nditayang'ana, ndinapeza kuti pulogalamu yathu ya malipiro inali ndi lamulo limodzi lokha la ovataimu: ola lililonse lowonjezera, kuchulukitsa malipiro a pa ola ndi 1.5.

Lamulo la Employment Act la 2000 silitero. Limagawa ovataimu patatu. Maola opitirira pa tsiku la ntchito amalipidwa osachepera 1.5, koma kugwira pa tsiku lako lopuma kapena pa tchuthi cha boma n'kuwirikiza kawiri.

Mu pulogalamumo ndinatsegula makodi atatu a mitundu itatuyi ya ovataimu, iliyonse ndi mlingo wake, n'kuonetsetsa kuti yonse ikuwerengedwa pa PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro. Apo panalibe vuto.

Chinandizunguza mutu ndi tsiku lopuma. Pulogalamuyi inkaganiza kuti aliyense amapuma Lamlungu, chonsecho mlonda wina amapuma Lachitatu. Munthu atagwira Lachitatu, makina ankangoti ndi tsiku wamba, ndipo atagwira Lamlungu ankamupatsa kawiri mosayenera. Ndinachotsa tsiku lopumalo pa kalendala ya kampani n'kulimangirira ku shifiti ya munthu aliyense.

Masiku a tchuthi ndinawalowetsa pamanja, 15 January, 3 March, 14 May ndi ena onse. Eid yokha ndiyo ndimadikira boma lilengeze, poti imatengera kuoneka kwa mwezi.

Ndisanatulutse malipiro ndinayesa pa mlonda mmodzi ndi kakyuleta pambali. Zitagwirizana, ndalama zoperewera za July ndinaziika pa mzere wakewake kuti aliyense azione pa payslip.