Kudzutsa drum machine yakale: yambani ndi magetsi

Mukapeza drum machine (makina amagetsi oimba ng'oma) ngati Roland TR-808 ya 1980 kapena Alesis SR-16 ya 1990, musathamangire kuilumikiza pa soketi. Werengani kaye zolembedwa kumbuyo kwake. Yogulidwa ku Japan imafuna 100V, pomwe kuno tili ndi 230V. Popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu imapsa pompo. SR-16 ndiyo imasokoneza ambiri: imafuna adaputala ya 9V AC, osati DC (mtundu wa magetsi umalembedwa pa adaputala).

Kenako tsegulani. TR-808 imasunga zomwe mwakonza ndi mabatire atatu a AA. Akakhalitsa amachucha, n'kusiya ufa woyera umene umadya mawaya. Pukutani ndi thonje lonyowetsa viniga, mutsirize ndi isopropyl alcohol (spiriti yotsukira zamagetsi), ndipo paume bwino.

Kutentha kwa Mangochi, makamaka mu Okutobala, kumaumitsa ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi tooneka ngati tizitini. Ng'oma ikamalira ndi mng'ung'udzo, yang'anani otupa pafupi ndi polowera magetsi. Ikani atsopano a µF (muyezo wolembedwa pa capacitor) yofanana, voltage yofanana kapena yokwererapo. Mzere wa negative ulozenso komwe unkaloza wakale, mukatembenuza, amaphulika.

Mabatani akamakana kugwira ntchito, vuto ndi fumbi komanso chinyezi cha kunyanja. Thirani contact cleaner (mankhwala otsukira pokhudzana magetsi) pang'ono, muwadine kangapo. Mafuta a njinga ayi, amakoka fumbi.