Mukamakayikira kuti mwatenga mimba: masiku oyenera kuwerenga ndi zoyenera kuchita

Mtsikana akagonana mosadziteteza, kapena kondomu ikang'ambika, amayamba kudzifufuza m'thupi. Amagwira mawere kuti amve ngati akupweteka, amadziyang'ana mimba pa galasi, ndipo akangomva kanseru m'mawa mtima umakhala m'mwamba tsiku lonse. Kudzifufuza kotereku sikungakupatseni yankho, ndipo choipa kwambiri n'chakuti kumakudyerani masiku amene mukanathandizidwa. Zimene zingakuuzeni zoona ndi tsiku limene munagonana ndi kuyeza mkodzo basi. Choncho musanachite china chilichonse, tsegulani kalendala ya pa foni kapena tsamba lomaliza la kope lanu, mulembe tsiku limene munagonana ndiponso tsiku limene munayamba kusamba komaliza, chifukwa zonse zimene ndifotokoze pano zikudalira masiku awiri amenewa.

Ngati masiku 5 sanadutse

Ngati munagonana dzulo, dzana kapena masiku ochepa apitawa, musadikire zizindikiro, popeza pa nthawi imeneyi mimba ikhoza kupewedwabe. Pali mapiritsi olera a pangozi, amene achinyamata ambiri amangowatchula kuti imajensi, ndipo amene amapezeka kwambiri kuno amakhala ndi mankhwala otchedwa levonorgestrel. Amagwira bwino ntchito akamwedwa msanga, makamaka maola 72 asanathe, ngakhale kuti amathandizabe mpaka maola 120, omwe ndi masiku 5, koma mphamvu yake imanka icheperachepera. Ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke pamene umuna udakali wamoyo, pakuti umuna umatha kukhala m'thupi la mkazi mpaka masiku 5 ukudikira dzira. Mapiritsiwa sachotsa mimba imene yakhazikika kale.

Mungawapeze mwaulere ku zipatala za boma monga ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe ndi Chilomoni, ndipo amapezekanso ku Banja La Mtsogolo ndi m'mafamase ovomerezeka. Mukafika kwa namwino musazungulire ndi nkhani ya mutu kapena m'mimba. Nenani mwachindunji kuti, "Ndinagonana mosadziteteza Loweruka, ndikufuna mapiritsi a pangozi." Manyazi a mphindi ziwiri amenewo ndi ochepa poyerekeza ndi nkhawa ya mwezi wathunthu. Ngati zachitika Lachisanu usiku musayembekezere Lolemba, pitani ku famase m'mawa mwake. Mukasanza maola awiri asanathe mutamwa, muyenera kumwanso, ndipo dziwani kuti piritsi limene mwamwa lero silikutetezani mukagonananso mawa. Lupu ya kopa ikaikidwa masiku 5 asanathe imateteza kuposa mapiritsiwa, ndipo ikhoza kukhalabe m'chiberekero ngati njira yolera ya zaka zambiri.

Pa ulendo womwewo funsani za HIV. Pali mankhwala otchedwa PEP amene amachepetsa kwambiri mpata wotenga kachiromboka ngati munthu wayamba kumwa maola 72 asanathe n'kumwa masiku 28. Ngati munagwiriridwa, kapena amene anagona nanu ndi munthu wamkulu amene anakukakamizani kapena kukunyengererani ndi ndalama, mlandu si wanu ayi. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo; ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli malo apadera othandizira ochitiridwa nkhanza zotere, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere kwa ana ndi achinyamata ofuna thandizo.

Zizindikiro ndi malire ake

Mimba siyamba usiku umene mwagonana. Dzira likakumana ndi umuna limatenga pafupifupi sabata kapena kupitirira pang'ono kuti likakhazikike m'chiberekero, ndipo thupi limayamba kusintha pambuyo pake. Ndiye ngati mwadzuka ndi nseru tsiku lotsatira, chimenecho si chizindikiro cha mimba ya dzulo. Kawirikawiri ndi mantha, kusagona kapena mapiritsi a pangozi amene mwamwa.

Chizindikiro choyamba chimene ambiri amaona ndi kusasamba pa nthawi yake. Kenako mawere amatupa n'kumapweteka, ndipo kuzungulira nsonga zake kumada. Munthu amatopa ndi kuodzera ngakhale masana m'kalasi, amakodza pafupipafupi, amanyansidwa ndi fungo la zakudya zimene ankazikonda monga usipa wokazinga, kapena amalakalaka zowawasa. Nseru ndi kusanza nthawi zambiri zimayamba patatha pafupifupi masabata awiri kuchokera pamene msambo wadumpha, ndipo sizichitika m'mawa mokha. Ena amaona timadontho tochepa ta magazi n'kuganiza kuti asamba, pamene ena saona chizindikiro chilichonse kwa miyezi iwiri.

Vuto ndi lakuti chilichonse mwa zimenezi chili ndi zifukwa zinanso. Mawere amapwetekanso msambo ukayandikira. Kutopa, nseru ndi kusafuna kudya zimabweranso ndi malungo kapena taifodi, ndipo ngati thupi likutentha muyenera kukayezetsa magazi m'malo mongoganiza za mimba. Msambo wa mtsikana amene wangotha msinkhu zaka zochepa zapitazo umakhala usanakhazikike, moti ukhoza kubwera pa masiku 21 mwezi uno n'kubwera pa masiku 40 mwezi winawo popanda vuto lililonse. Nkhawa ya mayeso a MSCE, kudwala, kuonda msanga, ngakhale mantha enieniwo oopa mimba, zonsezi zimachedwetsa msambo. Akuluakulu ena amati amazindikira woyembekezera pongomuyang'ana nkhope, koma musalole kuti mawu a munthu woyang'ana ndi maso akhale chigamulo pa moyo wanu.

Kayezedwe koyenera

Kachipangizo koyezera mimba kamagulitsidwa m'mafamase pa mtengo wotsika, ndipo kamafufuza mu mkodzo timadzi ta m'thupi totchedwa hCG, timene timachuluka mimba ikakhazikika. Nthawi yoyenera kuyeza ndi kuyambira tsiku limene msambo umayenera kubwera koma sunabwere. Ngati simudziwa bwino masiku anu, werengani masiku 21 kuchokera tsiku limene munagonana, ndipo zotsatira za tsiku limenelo mukhoza kuzikhulupirira. Kuyeza patangotha masiku atatu kapena anayi n'kutaya ndalama, chifukwa kachipangizoko kamasonyeza kuti mulibe mimba ngakhale itakhala kuti ikubwera.

Onani kaye tsiku lothera mphamvu pa paketi. Gwiritsani ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa, muuike m'kachitini koyera ndi kouma, ndipo muviike kachipangizoko kumbali kumene kuli timivi, osapitirira mzere umene walembedwa. Mukakavuula kagonekeni pamalo osalala n'kudikira mphindi zimene zalembedwa pa paketi, zomwe nthawi zambiri zimakhala zitatu mpaka zisanu. Mzere umodzi ukutanthauza kuti mimba sinapezeke. Mizere iwiri ikutanthauza kuti mimba ilipo, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino. Ngati sipanatuluke mzere uliwonse, kachipangizoko n'kowonongeka ndipo muyenera kuyezanso ndi kena. Musakatole patatha ola kuti muonenso, chifukwa mkodzo ukauma umatha kusiya kamzere konyenga.

Mukapeza mzere umodzi koma msambo osabwerabe, yezaninso pakatha sabata. Amene wamwa mapiritsi a pangozi adziwe kuti msambo wotsatira ukhoza kufulumira kapena kuchedwa pang'ono, koma ukachedwa kupitirira masiku 7 ayeze. Zimene mumaona pa TikTok ndi Facebook zoyeza mimba ndi mchere, shuga kapena mankhwala otsukira mano zilibe umboni uliwonse, ndipo musaziyese n'komwe.

Njira zolera n'zodalirika motani?

Ambiri amene amada nkhawa amakhala kuti anagwiritsa ntchito njira ina yake, ndipo funso lawo ndi lakuti kodi njirayo ingalephere. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limayankha funsoli powerenga akazi amene amatenga mimba pa chaka chimodzi mwa akazi 100 ogwiritsa ntchito njira iliyonse monga mmene anthu amachitira tsiku ndi tsiku, kuiwala ndi kulakwitsa komwe. Popanda njira iliyonse, pafupifupi 85 amatenga mimba. Kutaya umuna panja, kumene anyamata ambiri amakudalira ndi kulumbira kuti amadziwa kudzigwira, kumasiya pafupifupi 20 ali ndi pakati. Kondomu ya abambo imalephera kwa pafupifupi 13, mapiritsi a tsiku ndi tsiku kwa pafupifupi 7, jakisoni kwa pafupifupi 4, pamene njira ya pamkono (yoikidwa pansi pa khungu la mkono) ndi lupu zimalephera kwa osakwana mmodzi.

Kusiyana kumeneku kumachokera kwambiri pa kagwiritsidwe ntchito. Kondomu yomweyo ikavalidwa bwino nthawi iliyonse imalephera kwa 2 okha mwa 100. Imalephera pamene yavalidwa pakati pa kugonana m'malo mwa poyamba, pamene mpweya sunafinyidwe kunsonga, pamene yapakidwa mafuta odzola amene amafewetsa mphira, pamene yakhalitsa m'thumba la kumbuyo kapena yatha nthawi, ndiponso pamene mnyamata wachedwa kutuluka mpaka yavuka. Kuvala awiri nthawi imodzi sikuonjezera chitetezo, kumangochititsa kuti akhulane n'kung'ambika. Inu anyamata, mbali imeneyi ndi yanu, ndipo ngati kondomu yang'ambika muuzeni mnzanuyo nthawi yomweyo, chifukwa kubisa kumamulanda maola 72 aja.

Mapiritsi monga Microgynon amafuna kumwa tsiku lililonse. Mukaiwala limodzi kapena awiri, imwani mukangokumbukira n'kupitiriza monga mwa nthawi zonse, koma mukaiwala atatu kapena kuposerapo gwiritsaninso ntchito kondomu masiku 7 ndipo mukafunse namwino. Jakisoni wa Depo-Provera, kapena wa Sayana Press amene munthu amatha kuphunzitsidwa kudzibaya yekha, amabayidwa miyezi itatu iliyonse, ndipo tsiku lobwerera limalembedwa m'buku lanu la kuchipatala. Mwa njira za pamkono, Implanon imateteza zaka 3 ndipo Jadelle zaka 5. Ngati mwayamba njira yotere patadutsa masiku angapo chiyambireni kusamba, namwino adzakuuzani kuti mugwiritse ntchito kondomu sabata yoyamba. Muuzeninso ngati mukumwa mankhwala a TB otchedwa rifampicin, mankhwala ena a khunyu, kapena ma ARV okhala ndi efavirenz, chifukwa amenewa amafooketsa mapiritsi ndi njira ya pamkono, pamene jakisoni ndi lupu zimagwirabe ntchito bwino.

Pali chinthu china chimene chimaopsa atsikana ambiri pachabe. Amene ali pa jakisoni kapena pa njira ya pamkono nthawi zambiri msambo wake umasintha: umatha kudonthadontha, kutalika, kapena kusiyiratu kwa miyezi. Kusasamba kumeneku si mimba, ndipo magazi sakhala akuunjikana m'mimba monga ena amanenera. Njirazi sizichititsanso munthu kukhala wosabereka. Jakisoni amangochedwetsa kubwerera kwa mphamvu yobereka kwa miyezi ingapo munthu akasiya.

Kuwerenga masiku otetezeka sindikulimbikitsa kwa mtsikana amene msambo wake sunakhazikike, chifukwa dzira likhoza kutuluka tsiku limene simukuliyembekezera. Kusamba m'thupi mukangogonana, kukodza, kudumpha, kugonana choimirira kapena kumwa Coca-Cola wosakaniza ndi mapiritsi a mutu sikuletsa mimba, ndipo mimba imatheka ngakhale pa tsiku loyamba kugonana. Kusagonana ndi njira yokhayo yosalephera, ndipo amene sanayambe asalole kukankhidwa ndi anzake. Koma kwa amene anayamba kale, maganizo anga ndi akuti atenge njira yosafuna kukumbukira tsiku ndi tsiku, monga ya pamkono kapena jakisoni, n'kuiphatikiza ndi kondomu nthawi zonse, popeza kondomu yokha ndi imene imatetezanso ku HIV, chindoko ndi chinzonono.

Mizere ikatuluka iwiri

Musasenze nkhaniyi nokha. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 m'Malawi muno anali atabereka kale kapena anali oyembekezera, choncho anamwino anu akumana ndi atsikana ambiri a msinkhu wanu. Sankhani wamkulu mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya ndi amayi, azakhali, achemwali kapena aphunzitsi aakazi, mumuuze, ndipo ngati mukuopa mkwiyo wa kunyumba mupemphe ameneyo kuti akakuyankhulireni kwa makolo.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musamwe zitsamba, sopo wa ufa kapena mapiritsi ambirimbiri, ndipo musalole aliyense kukulowetsani kamtengo kapena chida chilichonse, chifukwa zimenezi zimaboola chiberekero, zimataitsa magazi ndipo zapha atsikana ambiri. Malamulo a dziko lino amalola kuchotsa mimba pa zifukwa zochepa kwambiri, monga pamene moyo wa mayi uli pachiswe, ndipo ounika zimenezo ndi achipatala. Ngati mwachita kale china chake ndipo mukutaya magazi, thupi likutentha kapena kumaliseche kukutuluka zonunkha, thamangirani ku chipatala ndipo mukanene zoona za chimene mwamwa kuti akuthandizeni moyenera. Chimodzimodzinso mukamva ululu waukulu mbali imodzi ya chinena limodzi ndi chizungulire kapena kukomoka, chifukwa mwina mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo zimenezo sizidikira kuti kuche.

Yambani sikelo miyezi itatu yoyambirira isanathe. Kumeneko adzakuyezani HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi, adzakupatsani mapiritsi oonjezera magazi ndi neti, ndipo nthawi yake ikakwana mudzalandira mankhwala oteteza ku malungo. Mtsikana wamng'ono amafunika kuonedwa pafupipafupi chifukwa thupi lake likadakula, ndipo ayenera kudzachirira ku chipatala. Mimba si chifukwa chokukwatitsirani mokakamiza, pakuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Sukulunso sinathere pomwepo: kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka, ndipo ndi bwino kuti kholo kapena wokuyang'anirani apite nanu kwa mphunzitsi wamkulu musanachoke, kuti dzina lanu lilembedwe ndi malo anu asungidwe.