A ku Joni opita kumudzi mu Disembala, tamvani izi

Amene muli ndi ana a sukulu mukudziwa mmene zimathinira kumapeto a chaka, uku mayeso, uku konsati ya ana, uku abale akuimba kuti mufika liti. Ine ndikangodziwa tsiku lotsekera sukulu ndimagula matikiti a basi pompo, ukachedwa mitengo imakwera mipandonso imatha. Katundu wa abale ndimatumiziratu mu Novembala, ndiye pa Beitbridge ndi pa Mwanza sindivutika kutsitsa zikwama zambirimbiri mwana ali kumsana.

Chinanso, lembanitu pa gulupu ya banja pa WhatsApp masiku amene mukakhale kwa apongozi ndi kwanu. Apo ayi mukathera holide yonse mu minibasi, azakhali akudandaulabe kuti simunawaone.