Mmene ndinathetsera chisokonezo cha ndalama za pafoni

Pashopu yathu makasitomala ambiri amalipira pa Airtel Money ndi Mpamba. Vuto linkabwera potseka: wowerengera ndalama ankachezera kufananitsa mauthenga a pafoni ndi malisiti, chifukwa anthu awiri akalipira K15,000 aliyense, sunkadziwa kuti uthenga uwu ndi wa lisiti liti. Katundu wina ankatuluka ndalama zisanalowe n'komwe.

Ndinakhazikitsa lamulo limodzi. Wogulitsa asapereke katundu asanaone uthenga pafoni ya shopu, osati ya kasitomala, ndipo alembe zilembo zinayi zomaliza za nambala ya malipirowo pakona ya lisiti. Poyamba anyamata ankadandaula kuti mzere ukutalika, komatu kulembako sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Pano timangofufuza lisiti lopanda zilembozo, ena onse amangodutsa.