Mmene mungalowetsere nkhono, nkhanu ndi shirimpu zatsopano m'thanki ya madzi amchere

Nsomba imapirira madzi akasintha pang'ono, koma tizamoyo topanda msana ayi. Mchere wa m'thupi mwa shirimpu, nkhono ndi starfish (kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi) umatsatira madzi omwe zilimo. Mukazichotsa m'madzi amene muyeso wa mchere wake ndi 1.021 n'kuziponya m'madzi a 1.025, zina zimafa patapita masiku angapo, inu n'kumati zinabwera zodwala kale.

Zimitsani kaye nyali za thanki. Yandamitsani jumbo imene tizamoyoto tabweramo, yosatsegula, pamadzi a m'thanki kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane, ndipo thankiyo ikhale pakati pa 24 ndi 26°C. Kenako khuthulirani zonse m'kandowa kosakhudzapo sopo, muyeze mchere ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi. Osangomvera wogulitsa, chifukwa ena amachepetsa mchere dala posafuna kuwononga ndalama, koma mukafunsa amati zonse zili bwino.

Tengani kapaipi kowonda ka pampu ya mpweya, mumange mfundo yosathina, mbali imodzi m'thanki, ina m'kandowa kali pansi. Yamwani pang'ono kuti madzi ayambe kutsika, n'kumangitsa mfundoyo mpaka azidontha madontho 2 mpaka 4 pa sekondi. Madzi akawirikiza kawiri, tayani theka, mubwereze. Lekani pamene mchere wa m'kandowa wafanana ndi wa m'thanki, osati pamene mwatopa. Shirimpu ndi nkhono zimafuna pafupifupi ola limodzi, starfish maola awiri kapena kuposa.

Pamene ambiri amataya ziweto ndi pa jumbo imene yayenda ulendo wautali. Ikakhala yotseka tsiku lonse, mpweya umene tizamoyoto timatulutsa umatsitsa pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'madzi), ndipo pH ikatsika, ammonia wochokera ku zonyansa zawo wodzikundika m'madzimo sapweteka kwenikweni. Mukangotsegula, mpweyawo umathawa, pH n'kukwera, ammonia uja n'kusanduka poizoni. Ndiye kudonthezera kwa maola awiri m'madzi oterewa n'kuzipha mwaulemu. Ngati mchere wasiyana ndi 0.001 yokha, fananizani kutentha basi, muzisamutse msanga. Ngati wasiyana kwambiri, konzani madzi atsopano a mchere wofanana ndi wa m'jumbo, muzisamutsire mmenemo, kenako muyambe kudonthezera. Ndi bwino kufunsiratu muyeso wa mchere katundu asanatumizidwe. Wogulitsa amene akuzemba funso limeneli musiyeni.

Kumbukiraninso kuti kandowa kamazizira msanga. Madzi ochepa okhala pansi kwa ola limodzi amatsika kutentha, choncho ikani kahita kakang'ono, kapena mubweze chiwetocho m'jumbo muyandamitsenso mphindi zingapo pomaliza.

Madzi a kwa wogulitsa asalowe m'thanki mwanu. Angakhale ndi mankhwala a kopa ochizira nsomba, ndipo kopa ngakhale wochepa kwambiri amapha shirimpu ndi nkhono. Nyamulani ndi dzanja kapena kakapu, osati ukonde, poti miyendo ndi ndevu za shirimpu zimakodwa. Siponji yokha (kanyama ka m'nyanja kokhala ndi timabowo) isatuluke m'madzi ngakhale pang'ono, chifukwa mpweya ukalowa m'timabowo take imayamba kuola.

Nkhono ziikeni pamwala choyang'ana pansi. Za mtundu wa Astraea zikagwa chagada pamchenga zimalephera kudzitembenuza. Nkhanu zokhala m'zigoba ziikireni zigoba zina zopanda kanthu, apo ayi zipha nkhono zanu. Nyali muyatse mawa lake. Mukaona ngati shirimpu yafa m'masiku oyamba, yang'anitsitsani musanataye mtima: nthawi zambiri yangofundula, ili kuseri kwa mwala.